Chikope chogwa pambuyo pa jakisoni wa botulinum: lipoti la mayi wa zaka 47 wa ku Zomba

Zimene anabwerera

Mayi wa zaka 47, wogulitsa zitenje mumsika waukulu wa Zomba, anafika kuchipatala ataperekezedwa ndi mchemwali wawo, chikope chakumanzere chitagwa mpaka kuphimba theka la kamwana ka m'diso. Pofuna kuona munthu ankachita kukweza chibwano. Kunyumba anali atagamula kale kuti ndi sitiroko, poti mayiwa amamwa mankhwala a BP.

Gwero la nkhani linali zaka zitatu m'mbuyomo. Chikope cha m'munsi cha diso lomweli chinayamba kunjenjemera, abale n'kumati ndi malodza, mwina alira posachedwa. Maliro sanagwe, koma kunjenjemera kunakula. Pakutha pa chaka diso linkatsinzina lokha, kenako tsaya ndi ngodya ya mlomo zinayamba kukokera m'mwamba limodzi ndi diso. Zinkanyanya akatopa, akakhala padzuwa, kapena akamanenerera mtengo ndi kasitomala. "Adokotala, azibambo ena amayesa ndikuwatsinzinira," anatero, osaseka n'komwe. Kuchipatala chaching'ono anawapatsa carbamazepine, yemwe anangowachititsa chizungulire. Patsogolo pa khutu lakumanzere panali mphini zitatu zakale.

Funso limene linatsegula njira ndi lakuti kodi zimasiya akagona. Amuna awo anawauzapo kuti ayi, nkhope imakokabe ali m'tulo. Chizindikiro chimenechi, pamodzi ndi kukhala mbali imodzi yokha, chimaloza ku matenda otchedwa hemifacial spasm, kukokana kwa minofu ya mbali imodzi ya nkhope. Nthawi zambiri amayamba chifukwa kamtsempha ka magazi kagundana ndi mtsempha wa nambala 7, woyendetsa nkhope, pamene ukutuluka muubongo. Amasiyana ndi blepharospasm, yemwe amatsinzinitsa maso onse awiri ndipo amasiya munthu akagona. Mayiwa sanafepo nkhope mbali imodzi m'mbuyomo, komanso sanamwepo haloperidol, chlorpromazine kapena metoclopramide kwa nthawi yaitali, mankhwala amene amatha kuyambitsa kugwedezeka kwa pakamwa ndi nkhope.

Masiku 10 asanabwere, mwana wa mlongo wawo anawatengera ku saluni ina yam'tauni kumene amabaya jakisoni wochotsa makwinya. Kabotolo kanatuluka m'chikwama kopanda bokosi, kali kosungunula kale. Anabayidwa kanayi kapena kasanu, kwinako pakati penipeni pa chikope cha m'mwamba, kenako wobayayo anatikita mwamphamvu ati kuti mankhwala alowerere. Cholembedwa panalibe: dzina la mankhwala, mlingo, nambala ya botolo, zonse ziii. Tsiku lachinayi diso linachepetsa kutsinzina ndipo mayiwa anakondwa. Tsiku lachisanu chikope chinayamba kulemera.

Kupima

Mbiri ya jakisoni isatseke munthu m'maso. Chikope chimagwanso ndi matenda ena oopsa, ndipo amenewo ndiwo oyamba kuwafufuza.

Tinawalitsa tochi pakati pa maso n'kuyeza ndi rula kuchokera pa kadontho kowala pa diso kukafika m'mphepete mwa chikope cha m'mwamba. Kumanja kunali mamilimita 4, momwe ziyenera kukhalira. Kumanzere kunali 0, chikope chili pa kadonthoko. Titakweza nsidze ndi chala chachikulu, chikope chinakhala pomwepo, kusonyeza kuti chagwa ndi chikope chenichenicho, osati nsidze kuchipsinja. Tiana ta m'maso tinali tofanana ndipo tinkachepa bwino pa kuwala. Maso ankayenda mbali zonse, osaona zinthu ziwiriziwiri. Vuto likanakhala mtsempha wa nambala 3, woyendetsa diso ndi chikope, diso likanapendekera kunja ndi kunsi, mwinanso kamwana ka m'diso katakula, ndipo wodwala wotere sagonekedwa kudikira mawa chifukwa mwina mtsempha wa magazi watupa m'mutu. Manja, miyendo ndi kayankhulidwe zinali bwino. Pano ndi pamene ophunzira ambiri amasokoneza: mtsempha wa nambala 7 umatseka diso, wa nambala 3 umalitsegula. Nkhope ikafa mbali imodzi, diso limakanika kutseka. La mayiwa linkakanika kutseguka.

Myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu, tinamufufuza mwa njira ziwiri zosavuta. Anayang'ana kudenga mphindi imodzi, chikope sichinawonjezere kugwa. Tinaika ayezi wokulunga pansalu pa diso kwa mphindi ziwiri, sichinakwere. Mwa wodwala myasthenia nthawi zambiri chimakwera ndi mamilimita awiri kapena kuposa. Kufufuzaku kuli ndi phindu lina: munthu wa myasthenia sayenera kubayidwa mankhwalawa mwachisawawa, choncho yankho lake linali lofunikanso pa chithandizo cha mtsogolo.

Chomaliza chinali kuona ngati poizoni wafalikira kutali ndi pamene anabayidwa. Anamwa kapu ya madzi osatsamwa, mawu sanasinthe, anadzutsa mutu ali chagada tikuukankha pamphumi, ndipo anawerenga mpaka 30 ndi mpweya umodzi.

Chifukwa chimene chikope chinagwera

Mankhwalawa ndi poizoni wa bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, yemweyo amene amapha anthu mu chakudya cham'zitini chowonongeka. Dzinalo linachokera ku mawu a Chilatini akuti botulus, soseji, chifukwa ndi mu masoseji momwe Justinus Kerner wa ku Germany anafotokozera matenda a poizoniyu, otchedwa botulism, cha m'ma 1820. Amene anamusandutsa mankhwala ndi dokotala wa maso, Alan Scott wa ku San Francisco, pochiza maso opendekera, ndipo bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linamuvomereza mu 1989 pa maso opendekera ndi blepharospasm. Za makwinya zinabwera pambuyo: Jean Carruthers wa ku Vancouver anaona kuti odwala ake a zikope akusalala pakati pa nsidze, ndipo chilolezo cha ntchito imeneyo chinatuluka mu 2002.

Mtsempha umauza mnofu kuti ukoke potulutsa timadzi tonyamula uthenga totchedwa acetylcholine kumapeto kwake. Poizoni wa mtundu A amalowa kumapetoko n'kudula puloteni wotchedwa SNAP-25, amene amatsegulira acetylcholine njira. Uthenga umafika, koma suwoloka. Kudulako kumatenga masiku, n'chifukwa chake zotsatira zimayamba pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu n'kufika pachimake pa sabata imodzi kapena ziwiri. Mphamvu imabwerera pakapita miyezi itatu kapena inayi mtsempha ukaphuka timizu tatsopano ndi kukonza mapeto ake. Poizoniyu sasankha mnofu wodwala kapena wabwino. Uliwonse umene waukhudza umagona.

Mnofu wotsinzinitsa diso, orbicularis oculi, uli pansi pa khungu penipeni ndipo umazungulira diso ngati nkhata. Wokweza chikope, levator, uli mkati pang'ono, ndipo umatsikira pakati pa chikope cha m'mwamba. Pakati pa iwiriyi pali kansalu kopyapyala chabe. Kubaya pakati pa chikope, kubaya mozama, kubaya madzi ambiri pamalo amodzi, kutikita: chilichonse mwa izi chimawolotsa mankhwala kukafika ku levator. Mwa zinayizi, ziwiri mayiwa anazifotokoza ndi pakamwa pawo.

Chithandizo cha chikope

Poizoni akalowa mumtsempha palibe jakisoni womuchotsa. Antitoxin, mankhwala olimbana ndi poizoniyu, amagwira yekhayo amene akadali m'magazi, ndipo ndi wa munthu amene wayamba kulephera kumeza kapena kupuma, osati wa chikope chimodzi. Izi tinawauza mayiwa mosabisa, pamodzi ndi nkhani yabwino yoti chikope chibwerera chokha.

Chothandizira podikira ndi madontho a apraclonidine 0.5%, dontho limodzi kapena awiri katatu patsiku. Amadzutsa kamnofu kena kakang'ono ka m'chikope, ka Müller, kamene poizoniyu sakakhudza chifukwa kamayendera mitsempha ina, ndipo chikope chimakwera milimita imodzi kapena awiri kwa maola angapo. Abale anawapeza ku famase ya ku Blantyre patapita masiku atatu. Phenylephrine amakwezanso chikope, koma amakulitsa kamwana ka m'diso ndipo amatha kukweza BP, choncho kwa mayiwa tinamusiya. Tinawonjeza madontho onyowetsa diso, popeza diso lobayidwa siliphethira mokwanira ndipo limauma.

M'buku lawo lakuchipatala tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti anabayidwa botulinum, tsiku lake, ndi kuti asapatsidwe gentamicin kwa miyezi itatu pokhapokha ngati palibiretu wina. Kuno gentamicin amabayidwa tsiku ndi tsiku, ndipo iye ndi abale ake monga streptomycin ndi amikacin amawonjezera kufooka kumene poizoniyu amabweretsa. Magnesium sulphate wam'mitsempha amateronso. Tinawatchulira zizindikiro zobwerera nazo msanga, ngakhale usiku: kutsamwa pomeza, mawu kutulukira m'mphuno, kuona ziwiriziwiri, khosi kulefuka, kubanika. Za kabotolo kopanda dzina kaja tinalemba lipoti ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Pa sabata yachitatu muyezo wa chikope uja unali mamilimita 2, pa yachisanu ndi chimodzi 3.5, pa yachisanu ndi chitatu maso anafanana. Pofika sabata ya 10 diso linali litayambiranso kutsinzina ngati kale.

Mkati mwa nthawiyi anakajambulidwa m'mutu ndi makina a MRI ku Blantyre. Chotupa sichinapezeke. Kujambula n'kofunika makamaka ngati khutu la mbaliyo lagontha, nkhope yachita dzanzi kapena wodwala ndi wamng'ono, chifukwa apo ndi apo chokanikiza mtsempha chimakhala chotupa. Tinawafotokozera za opaleshoni yolekanitsa mtsempha wa magazi ndi wa nkhope, yomwe imachiza gwero koma ndi yotsegula chigaza kuseri kwa khutu ndipo imatha kugonthetsa. Anasankha jakisoni.

Kubaya koyenera

Tinadikira mpaka sabata ya 14. Pakati pa jakisoni ndi mnzake pamayenera kudutsa masabata osachepera 12, chifukwa kubaya pafupipafupi kumaphunzitsa thupi kupanga chitetezo cholimbana ndi mankhwalawa, ndipo zikatero amasiya kugwira.

Tinagwiritsa ntchito botulinum wotchedwa Botox, botolo la mayunitsi 100. Nambala ya pa bokosi inafanana ndi ya pa botolo, tsiku lothera ntchito linali patali. Namwino woyamba kuona botololi amaganiza kuti ndi lopanda kanthu, chifukwa mankhwala ake ndi kachifunga kopyapyala pansi pa galasi. Singano ikalowa, botolo liyenera kukoka lokha madzi a saline, poti mkati mwake anachotsamo mpweya. Likapanda kukoka ndiye kuti linatsegukapo, litayidwe. Saline akhale wa 0.9%, alowe pang'onopang'ono, botolo lizunguzidwe modekha osakhutchumula mpaka thovu. Tsiku ndi ola zilembedwe pa botolo. Losungunula limakhala mufiliji ndipo ligwire ntchito pasanathe maola 24.

Kuchuluka kwa saline ndiko kumapereka mlingo. Mamililita 4 mu botolo la 100 amapereka mayunitsi 2.5 pa 0.1 ml. Mamililita 2 amapereka mayunitsi 5 pa 0.1 ml. Kwa mayiwa tinasankha 2 ml kuti malo aliwonse alandire 0.05 ml yokha, madzi ochepa osayenderera. Msampha waukulu uli pa sirinji ya insulini, yomwe ambiri amakonda chifukwa cha singano yake yopyapyala. Timizere take timawerenga mayunitsi a insulini, kamzere kamodzi kali 0.01 ml. Mu kasungunulidwe kathu kamzere kamodzi kanali theka la yuniti ya Botox, ndiye mayunitsi 2.5 anali timizere tisanu. Wina akasungunula botolo lomwelo ndi 1 ml, timizere tisanu tomweto tasanduka mayunitsi 5, mlingo wawiri. Wosungunula ndi wobaya akakhala anthu awiri, atchulirane nambala mokweza.

Mayiwa anakhala chotsamira, khungu linapukutidwa ndi spiriti n'kuuma kaye. Malo anali asanu, mayunitsi 2.5 paliponse, onse pamodzi 12.5. Awiri anali pa chikope cha m'mwamba pafupi ndi m'mphepete, amodzi chakumphuno, ena chakukhutu, singano itagona ndi khungu ndipo ikuloza kutali ndi pakati. Achitatu anali pa chikope cha m'munsi chakukhutu. Mbali yakumphuno ya chikope cha m'munsi timaisiya, chifukwa pafupi pomwepo pali mnofu wotembenuza diso, ukafooka munthu amaona ziwiriziwiri, komanso misozi imasowa woikoka n'kumangoyenderera patsaya. Awiri otsala anali kunja kwa ngodya ya diso, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete mwa fupa. Pa zikope singano imangolowa pansi pa khungu, ndipo pamatuluka kachithuza ngati kolumidwa ndi udzudzu. Potuluka magazi timangopsinja ndi thonje, osatikita.

Tsaya sitinalibaye ulendo woyamba. Kawirikawiri diso likadekha tsaya limachepetsanso, ndipo minofu ya kumwetulira siichedwa kugwa. Patatha masabata awiri diso linali phee, chikope chili m'malo, likutseka bwino pogona. Tsaya linkakokabe pang'ono. Sitinawonjezere tsiku limenelo, tinangolemba pa chithunzi cha nkhope chimene timajambula m'buku ulendo uliwonse.

Ulendo wachiwiri, patapita masabata 13, tinawonjeza mayunitsi 1.25 mu zygomaticus major, mnofu wokokera ngodya ya mlomo m'mwamba. Tsaya linadekha, koma kwa masabata atatu kumwetulira kunapendekera kumanja. Madzi sankatayika pomwa, mawu sanasinthe, komabe mayiwa sanakondwe. "Bola lizikoka, adokotala, kusiyana n'kuti ndizioneka ngati ndikunyoza anthu." Ulendo wachitatu malo amenewo tinawachotsa. Pa nkhope ya m'munsi, chiweruzo cha mwini nkhope chimaposa cha wobaya.

Pempho la makwinya

Pa ulendo wachitatu womwewo anabwera ndi dandaulo lina. Akaseka, diso lakumanja linkachita timizere m'mbali pamene lakumanzere lili see. Tinabaya pamalo awiri kunja kwa diso lakumanja, mayunitsi 2.5 paliponse, kuti nkhope ifanane. Apa malire a kuchiza ndi kukongoletsa saonekanso: mankhwala ndi amodzi, singano ndi imodzi, ngozi ndi zomwezo.

Popeza ambiri amene amafunsa za mankhwalawa m'tauni amafuna za makwinya, mlingo wake utchulidwe. Pa mizere ya pakati pa nsidze, Botox ndi mayunitsi 20 pamalo asanu, 4 paliponse: awiri mu mnofu wa nsidze wotchedwa corrugator mbali iliyonse, amodzi mu mnofu wa procerus pamwamba pa mphuno. Malo akunja akhale sentimita imodzi kapena kuposa pamwamba pa fupa la diso, chala cha wobaya chitatchinga m'mphepete mwa fupalo. Kutsika pamenepo ndiyo njira yotchuka yogwetsera chikope. M'mbali mwa maso ndi mayunitsi 12 mbali iliyonse pamalo atatu. Pamphumi pafunika kusamala koposa, chifukwa frontalis ndi mnofu wokhawo wokweza nsidze, ndipo achikulire ambiri amaukweza tsiku lonse osadziwa kuti zikope zolemera zisawatchinge. Ukagonekedwa wonse, mphumi imasalala koma nsidze zimatsika, munthu n'kumaoneka wotopa miyezi itatu. Mankhwalawa amathandiza mizere yobwera nkhope ikamayenda. Mizere yozama yomwe imaoneka nkhope ili chete saidzaza, ndipo khungu saliyeretsa. Oyembekezera, oyamwitsa ndi amene ali ndi zilonda kapena mafinya pamalo obayapo sabayidwa.

Mayunitsi a kampani imodzi safanana ndi a inzake. Pakati pa nsidze pomwe Botox ndi 20, Dysport, botulinum wa kampani ina, ndi 50. Wobaya amene anazolowera nambala za Dysport akagwira botolo la Botox, kapena lopanda dzina ngati lija la ku saluni, angapereke mlingo woposa kawiri osazindikira. Mabotolo achinyengo aliponso: mu 2024 anthu angapo ku America anagonekedwa m'chipatala ndi zizindikiro za botulism atabayidwa mankhwala abodza kapena ndi anthu opanda chilolezo. Kufunsa ngati wobaya analembetsa ku Medical Council of Malawi, ndi kupempha kuona bokosi lisanatsegulidwe, si mwano.

Pa ntchito zina milingo imakwera kwambiri: mayunitsi 50 kukhwapa kulikonse pa thukuta losaletseka, 155 pamalo 31 pa mutu waching'alang'ala wosatha, mazana angapo pa minofu youma pambuyo pa sitiroko. Ana amene miyendo inauma pambuyo pa malungo aubongo amabayidwa molingana ndi kulemera kwawo, ndipo popanda fizo phindu lake limakhala lochepa. Wamkulu asapitirire mayunitsi 400 a Botox pa miyezi itatu. Chenjezo la FDA la 2009, lakuti poizoni angathe kufalikira n'kulepheretsa kumeza ndi kupuma, linabwera makamaka chifukwa cha milingo yaikulu yotereyi.

Filiji

Kuno vuto limene limagwetsa ambiri ndi kasungidwe. Botox ndi Dysport amafuna madigiri 2 mpaka 8 kuchokera kwa wogulitsa mpaka pa singano. Ulendo wa Blantyre kudzafika ku Zomba ndi waufupi, koma botolo lili m'chikwama pa minibasi mu Okutobala silifika lili lomwelo. Liyende m'bokosi lozizira, ndipo mufiliji mukhale choyezera kutentha chowerengedwa m'mawa ndi madzulo, makamaka masiku amene magetsi akuzimazima. Botulinum wina wotchedwa Xeomin, akakhala wosatsegula, safuna filiji, koma malire ake ndi madigiri 25, omwe chipinda cha malata chimadutsa dzuwa lisanafike pamutu. Kutentha kumafooketsa mankhwalawa, ndipo ngozi yake imabwera mozembera: wobaya amaona kuti sizikugwira, amakweza mlingo, kenako tsiku lina amatsegula botolo losungidwa bwino n'kubaya mlingo wokwera uja.

Nkhani ya mtengo nayo imakankhira anthu ku zolakwika. Wodwala ngati mayiwa amatha mayunitsi osakwana 20, ndipo wopanga amalemba kuti botolo ndi la munthu mmodzi. Botolo la mayunitsi 50 limachepetsa otayika. Kumene amaika odwala angapo tsiku limodzi kuti agawane botolo, singano ndi sirinji zikhale zatsopano nthawi iliyonse yolowa m'botolomo, ndipo zotsala zisasungidwe kudikira sabata yamawa.

Mmene alili pano

Mayiwa alandira jakisoni kanayi kuchokera pamene chikope chinachira. Mlingo wakhazikika pa mayunitsi 12.5 kumanzere ndi 5 kumanja. Diso limadekha pa tsiku lachitatu ndipo limayamba kutsinzina pang'ono cha m'sabata ya 12, choncho amabwera masabata 13 kapena 14 aliwonse. Chikope sichinagwenso. Ulendo umodzi panachita kabala kakuda kunsi kwa diso, kamene kanatha pasanathe sabata. Anali atamwa aspirin chifukwa cha mutu, ndipo tsopano timafunsa za iye tisanabaye. Madontho onyowetsa diso amathira masabata awiri oyambirira a ulendo uliwonse. Tsaya limakokabe akatopa, ndipo ati lisiyidwe. Ulendo uliwonse timayesa makutu onse awiri ndi kukhudza nkhope mbali zonse ndi thonje; khutu lakumanzere likadzayamba kugontha kapena tsaya kuchita dzanzi, adzabwerera ku MRI asanabayidwenso.